Tsiku Limene Clarrie Tuckwell Anatseka Pakamwa

Ku Coolabindi kwathu ukafunsa nyumba ya Clarrie Tuckwell, ambiri amayamba akanda kaye m'mutu. Ukati Wayilesi, aliyense amaloza kuseri kwa makola a ziweto, pa nyumba ya malata ofiira. Dzinalo anampatsa anzake ali pa sukulu, ndipo wakalamba nalo.

Bambo ake anali woweta nkhosa za eni, munthu wokhoza kutha sabata yathunthu atangonena "eya" ndi "ayi". Mayi ake ankati mawu onse amene bamboyo anaumira anakatulukira mwa mwana. Clarrie atasiya sukulu analembedwa ntchito yosesa m'makola a pa msika wa ziweto, koma makutu ake anali pa munthu woyitanira malonda pa okushoni. Ntchitoyo anaiphunzirira m'malole. Polo lililonse la mawaya a telefoni limene adutsa ankalitenga ngati wogula amene wawonjezera, ndiye dalaivala akathamanga, lilime nalo linkathamanga. Mkazi wake Noeline amati anamulola pa dansi chifukwa panalibe njira ina yomukhazikira chete. Clarrie amati sanamve n'komwe kuti waloledwa, poti anali akufotokozabe.

Ntchito ya okushoni ili ndi mbali ziwiri, koma anthu amadziwa imodzi. Pakamwa pamamveka, maso samveka. Alimi a kuno safuna mnzawo adziwe ng'ombe imene aikonda, choncho sakweza dzanja. Wina amagwira khutu. Wina amapendeketsa chipewa. Mkulu wina wa kumtunda ankangosuntha kachala pa chitsulo cha khola. Clarrie ankaziona zonsezo, ndipo ankasiyanitsa munthu wogula ndi munthu amene akungoingitsa ntchentche. Chimene sankachifuna ndi bata. Pa okushoni pakangoti zii, malonda afa. Umamenya ndodo pa chitsulo n'kupita pa khola lotsatira. Anagwira ntchitoyo mpaka mawondo anakana kukwera pa matabwa a pamwamba pa makola, ndipo zaka zonsezo sanalolepo bata kukhala nthawi yokwanira munthu kumeza malovu.

Ku tchalitchi chathu, kumene kwatsala anthu ochepa ndipo ambiri ndi a imvi, iye ndiye wapampando wa chilichonse. Amalengeza maliro, amagulitsa makeke pa tsiku la zokolola, ndipo akapatsidwa pemphero amalimaliza ena asanatseke maso.

Mnzake wa ponda apa m'pondepo ndi Aub Garland. Aub ndi Mwaborijini wa kutsidya kwa mtsinje, kumene kale boma linkaunjika eni nthaka kuti azikhala paokha. Anameta nkhosa mpaka msana unapindika. Awiriwa anadziwana mu timu ya mpira ali anyamata, ndipo kuyambira pamenepo Clarrie wakhala akuyankhula, Aub akumvetsera, kapena akuoneka ngati akumvetsera.

Chaka china kwa Aub kunafika mayi wachikulire wochokera ku mzinda, wamfupi, wa chikwama chachikulu cha m'manja. Aub anati ndi achemwali ake, Anti Thelma.

"Iwe uli ndi achemwali?" anafunsa Clarrie.

"Ndinawapeza pobadwa."

"Zaka zonsezi osandiuza?"

"Ndikanakuuza nthawi yanji, aise? Umapuma?"

Clarrie anaseka, koma kusekako sikunapite patali. Anti Thelma anali mmodzi wa ana amene boma linkawalanda kwa makolo awo. Anawatenga ali aang'ono, ndipo anawatengera pa bwalo la tchalitchi chathu.

Abusa athu, a Viliami, ndi munthu wamkulu thupi wochokera ku Tonga, wa mawu otsika. Atamva nkhaniyi anauza komiti kuti mpingo sungayanjane ndi anthu amene sunawamvetserepo. Anati tiwapemphe a kutsidya adzatiuze zimene zinachitika, ife tingomva. Komiti inavomera, ndipo inakonza monga imakonzera zonse. Anasesa holo, anandandalika mipando, anabwereka chimkuzamawu, anagawa nthawi ya wolankhula aliyense pa kapepala. Azimayi anaphika masikono. Wapampando sanachite kusankhidwa.

A kutsidya anabwera ambiri ndipo anakhala mbali imodzi, pafupi ndi khomo. Itafika nthawi yawo, Anti Thelma anaimirira, chimkuzamawu osachigwira.

"Linali Lamulungu," anatero. "Anatiuza kuti ana a kutsidya tibwere tosamba, kuli maswiti ndi zakumwa pansi pa mtengo wa kuseriwo. Amayi anandimanga riboni yachikasu. Kenako kunafika galimoto yakuda."

Anasiyira pomwepo n'kuyang'ana pansi. Mu holo munati zii.

Clarrie anapirira. Mwini wake amati anapirira kwambiri. Koma batalo linamuyabwa thupi lonse, ndipo miyendo inadzuka yokha.

"Zikomo kwambiri, Anti Thelma, mawu ogwira mtima. Tiwaombere m'manja. Tiyi wapsa, masikono ali kumbuyoko, a jamu ndi opanda jamu."

Anthu a mpingo anaomba m'manja mwamphamvu, ngati atulidwa katundu. Anti Thelma anamuyang'ana Clarrie kanthawi, anatenga chikwama, n'kutuluka. A kutsidya anawatsatira mmodzimmodzi. Aub ndiye anatuluka pomaliza. Masikono anatsala m'mbale.

M'galimoto Noeline anadikira mpaka atadutsa mlatho.

"Wamenya ndodo, Clarrie."

"Anali atamaliza."

"Anali atangoyamba kumene. Galimoto yangofika, iwe n'kuitana tiyi."

"Anakhala chete."

"Ndiye munthu akakhala chete wagulidwa?"

M'mawa mwake Clarrie anapeza Aub pakhonde akusoka ukonde wa nkhanu.

"Achemwali akuti abwerera ku mzinda kwa mwana wawo," anatero Aub. "Akuti nkhani yawo aisunga moyo wonse, sizivuta kuisunganso."

"Ndikufuna ndiwapepese."

"Ndi pakamwa pomwepo?"

"Ndilibe pena."

"Ali ku mtsinje. Tiye."

Anawapeza atakhala pa mpando wopinda pansi pa bulugama, chingwe cha mbedza chili m'manja. Clarrie anavula chipewa n'kuyamba. Mawu anali atawakonza bwino njira yonse. Asanafike pakati, Anti Thelma anati, osatembenuka n'komwe, "Ukuthamangitsa nsomba. Khala apo."

Anakhala pa ndowa yovundikira mpaka dzuwa linafika paliwombo. Palibe anamuuza kuti wakhululukidwa. Ponyamuka Anti Thelma anangoti, "Lachinayi timabweranso."

Clarrie anayamba kupita Lachinayi lililonse. Masabata oyamba anazunzika. Mawu ankafika pakhosi n'kubwerera. Tsiku lina Aub anamugwira akuyang'anitsitsa abakha a pamadzi, milomo ikuyenda popanda mawu.

"Awagula abakhawo?"

"Sindinanene kanthu ine."

"Nkhope yako ikuchita phokoso. Achemwali, tamuonani, aphulika uyu. Tisunthe mipando."

Aka kanali koyamba Clarrie kuwamva Anti Thelma akuseka. Kunali kuseka kwakukulu, kosafanana ndi thupi lawo.

Pakamwa patatsekeka, maso anapeza ntchito. Anaona kuti Aub ndi achemwali ake saloza ndi chala. Akafuna nyambo kapena mpeni amangotukula chibwano n'kusongola milomo chakumeneko, chinthucho n'kubwera. Kwa munthu wa okushoni zimenezi zinali zosavuta, ndipo posakhalitsa ankapereka nyongolotsi munthu asanamalize kusongola. Anaonanso kuti Anti Thelma akasiya nkhani pakati, chala chawo chachikulu chimapitiriza kusisita chingwe. Chikamayenda, nkhani imakhala ikubwera. Nthawi zina inkafika madzi a m'ketulo atawira n'kuziziranso.

"Ndikakhala chete si kuti mawu atha," anamuuza tsiku lina. "Ndimakhala ndapita kukawatenga. Ali kutali, ndipo ine ndakalamba."

Clarrie anatsegula pakamwa kuti avomereze, n'kutsekanso. Anti Thelma anamupatsa bisiketi.

Kuzizira kutayamba, kuchiyambi kwa Meyi, Anti Thelma anamuitana akukulunga chingwe.

"Ukawauze abusa ako kuti ndiyankhulanso. Koma kunoko, osati mu holo muja. Chimkuzamawu ayi, kapepala ayi. Mipando izungulire. Wapampando ukhale iwe."

"Ine, Anti? Mu mpingo muli anthu ofatsa ambiri."

"Ofatsawo ndi amene anaomba m'manja. Akaona iwe uli chete aopa, aganiza kuti kwagwa zazikulu. Usatsegule pakamwa mpaka nditanena ndekha kuti ndatha. Mukandidulanso ndikwera basi, ndipo nkhaniyo palibe adzaimvenso."

"Ndalonjeza."

"Taonani, wayamba kale," anatero Aub.

Tsikulo linali Loweruka, kumapeto kwa mwezi womwewo. Kunacha kozizira, kumwamba kuli mbee. A mpingo anatsika ndi mipando yopinda, mabulangete ndi mapoto a masoseji. A kutsidya anali atasonkha kale moto ndipo ankawotcha mikate pa makala. Basi ya ku nyumba yosungirako okalamba inabweretsa anthu angapo, ndipo pakati pawo panali Mayi Dulcie Haig, wamkulu kuposa onse mu mpingo wathu, amene anawatsitsa pa mpando wa matayala atawafunditsa mpaka m'khosi.

Aub anaika masamba aawisi a bulugama pa makala. Utsi woyera unakwera, ndipo monga mwa mwambo wa eni nthaka aliyense anadutsamo, kuukokera pamutu ndi pachifuwa. Clarrie anadutsa akutsokomola.

"Kutsokomola tikuwerengera ngati kuyankhula," Aub anamunong'oneza.

Anthu anakhala mozungulira, osakanikirana chifukwa malo a dzuwa anali ochepa. Panalibe mawu otsegulira. Onse anayang'ana Clarrie, kudikira kuti aimirire. Iye anangokhala, chipewa chili pa bondo. Anthu anayang'anizana. Mkulu wina anafunsa Noeline motsitsa ngati mwamuna wake akudwala.

Anti Thelma anayamba atakhala pansi, lamba wa chikwama ali m'manja. Ananena za Lamulungu lija, za maswiti, za riboni yachikasu. Anafika pa galimoto yakuda. Anasiya.

Mtsinje unkamveka. Makala ankathetheka. Clarrie anayang'ana dzanja lawo, ndipo chala chachikulu chinali kuyenda pa lamba.

Batalo linayamba kumuwotcha Clarrie. Kuti adziiwale anakweza maso n'kuyendetsa pa bwalo lonse, monga ankachitira ali pamwamba pa makola. Pamenepo anaona kuti si iye yekha amene batalo likumuwotcha. Mlimi wina anali atalekanitsa manja kuti aombe. Clarrie anamuyang'ana n'kupukusa mutu pang'ono, manjawo n'kubwerera m'matumba. Mayi woyimba limba anali akutsegula buku la nyimbo pansi pa bulangete. Clarrie anakweza nsidze, bukulo n'kutsekeka. Abusa anakoka mpweya wautali, wa munthu wofuna kupemphera. Clarrie anawatambasulira chikhatho pa bondo, ndipo Abusa anautulutsa mpweyawo pang'onopang'ono, akumwetulira. Noeline anasuzumira ku ketulo. Clarrie asanamuyang'ane n'komwe, Noeline anamutulutsira lilime n'kukhazikika.

Moyo wake wonse Clarrie ankasaka munthu wosuntha kuti amulandire. Tsiku limenelo ankasaka kuti amukane. Ntchitoyo inamutuluka thukuta kuli kozizira, koma inamukomera.

Zinkhwe zoyera zinatera mu mtengo, zinakangana, n'kuuluka. Chikuni chinathyoka pa moto. Kenako Anti Thelma anabwerako.

"M'galimotomo munatuluka bambo wa chipewa ndi mayi wa magolovesi. Anandinyamula siwiti ili m'kamwa. Ana a sukulu ya Sande ankayimba, ndipo sanasiye."

Anapitiriza mosafulumira. Ananena za nyumba ya atsikana kutali kum'mwera, kumene anawameta tsitsi ndi kuwauza kuti amayi awo sakuwafuna. Ananena za kukolopa m'nyumba za azungu asanakule n'komwe. Ananena za mmene anafufuzira kwawo ali kale ndi ana awo, n'kupeza amayi atamwalira, kutangotsala mlongo amene sankamudziwa. Aub anali khanda pamene iwo ankatengedwa, ndipo anapulumuka chifukwa azakhali ake anamubisa mu thumba la ubweya wa nkhosa. Anti Thelma anasiya kangapo, ndipo nthawi iliyonse Clarrie ankalondera bwalo. Koma osuntha ankachepa. Ena ankalira osabisa. Ena ankangoyang'ana moto.

"Sindinabwere kudzakulizani," anatero Anti Thelma. "Ndili ndi funso. Amayi anga anali Ivy Garland. Nkhope yawo sindiikumbukira, chithunzi palibe. Aub amangodziwa mayi wosayankhula, wokhala pakhomo kuyang'ana msewu. Inu munali nawo m'tauni muno. Anali munthu wotani?"

Apa bata linalemera kuposa poyamba. Palibe anasuntha. Clarrie anayendetsa maso kawiri, osaona kanthu. Kachitatu anaona. Pa bulangete la Mayi Dulcie Haig chala chimodzi chinadzuka n'kugonanso. Sikunali kuingitsa ntchentche. Clarrie anaziwonapo zala zambiri za anthu amene akufuna chinthu koma akuopa anzawo.

Anayang'ana Anti Thelma. Chala chawo chinali chitaima, ndipo anali akukokera chikwama pachifuwa ngati munthu wokonzeka kunyamuka. Mawu anamufika Clarrie pamilomo, onse okonzeka bwino. Koma Anti Thelma anali asananene kuti atha. Anadikira mpaka maso awo anakumana ndi ake. Anatukula chibwano n'kusongola milomo cha ku mpando wa matayala.

Aub anaona, ndipo anabisa nkhope m'chipewa, mapewa akugwedezeka.

Anti Thelma anatsata kumene milomo inaloza. Ananyamuka, anakoka mpando wawo kudutsa pakati pa bwalo, n'kukaukhazika pafupi ndi Mayi Dulcie.

"Mayi, ine ndili ndi nthawi," anatero.

Panapitanso kanthawi. Mawu a Mayi Dulcie atatuluka anali aang'ono, moti anthu anaweramira kutsogolo.

"Ivy ankachapa kwathu. Tsiku limenelo ine ndi amene ndinkathira zakumwa m'makapu. Ndinali mtsikana wamkulu ndithu. Galimoto ndinaiona. Anatiuza kuti tiziyimba, ndipo ndinayimba." Anapuma. "Kuyambira pamenepo Ivy ankabwera Lamulungu lililonse n'kuima pa geti la tchalitchi. Sankalowa. Ife tinkamudutsa. Ndinamudutsa zaka zambiri, mwanawe. Pepa."

Anti Thelma anaweramira kwa Mayi Dulcie. Anakonza bulangete pamene linatsetsereka.

"Ndamva," anatero. "Nanga zisanachitike, anali wotani?"

Nkhope ya Mayi Dulcie inasintha.

"Waphokoso."

"Amayi?" anatero Aub.

"Waphokoso zedi. Akaseka ku zingwe zoyanikira zovala, amayi anga ankatseka mawindo. Ankavina ndi dengu la zochapa. Pa makhadi ankaba poyera, ukamugwira n'kuseka mpaka kukhala pansi. Chipumi chakocho ndi chake, ndi mpata wa m'manowo. Ndipo ankayimba likhweru ndi zala ziwiri, ngati mwamuna. Agalu athu ankasiya bambo anga n'kuthamangira iye. Bambo ankakwiya nazo. Ivy ankachita chonchi."

Mayi Dulcie anatulutsa dzanja m'bulangete n'kuika zala m'kamwa. Kunangotuluka mpweya, ndipo mano oyikirira anatsala pang'ono kugwera pa miyendo. Anawabweza mwaulemu. Wina anaseka, n'kudzigwira pakamwa.

Anti Thelma anali atauma, akuwayang'ana. Anaika chikwama pansi. Anapinda zala ziwiri, n'kuziika pansi pa lilime.

Likhwerulo linang'amba mtsinje wonse. Zinkhwe zinadzambatuka m'mitengo ya tsidya lina. Agalu a m'magalimoto a alimi analumpha n'kubwera mothamanga, ndipo wina anagubuduza mbale ya masikono.

"Ndi lomwelo," anatero Mayi Dulcie. "Ndi Ivy ameneyo."

"Ku nyumba ya atsikana ankandimenya chifukwa cha limeneli," anatero Anti Thelma. Misozi inkatsika koma ankaseka, kuseka kwawo kwakukulu kuja. "Ankati ndinalitenga kuti. Inenso sindinkadziwa."

Bwalo lonse linamasuka. Anthu ankaseka akupukuta m'maso, ena akuthamangitsa agalu. Kenako ena anayamba kukumbukira. Mkulu wina anati Ivy anamuchotsapo mbedza m'chala ali mwana, akumutukwana ndi kumuyimbira nthawi imodzi. Mayi wina wa kutsidya anatchula nyimbo imene Ivy ankaikonda pa dansi. Aub anachoka pa mpando wake n'kukakhala pansi pa udzu pafupi ndi achemwali ake, kumvetsera za mayi amene anamulera koma sanamumvepo akuseka.

Patapita nthawi Anti Thelma anayang'ana Abusa n'kugwedeza mutu. Abusa anaimirira.

"Anti, tamva. Zinachitikira pa bwalo lathu, ndipo mpingo unayimba. Tinalakwa. Chimene mufune kuti tichite, tidzabwera kudzafunsa, osati kudzakuuzani."

"Mubwere Lachinayi," anatero Anti Thelma. "Mutenge nyambo zanu." Anatembenukira kwa Clarrie. "Ndatha. Waimva nkhani yonse?"

"Ndaimva, Anti."

"Basi, itana tiyi. Ukuoneka ngati ufa."

Clarrie anaimirira, mawondo akulira, n'kuitana tiyi. Anatchula masoseji, mikate ya pa makala, masikono amene agalu anasiya, ndi ndondomeko yoti akuluakulu ayambe. Anatenga nthawi yaitali kuposa mmene zinafunikira, ndipo palibe anamuletsa.

Anti Thelma sanakwere basi. Anakankha okha mpando wa Mayi Dulcie kupita ku moto, akufunsa zimene amayi awo ankakonda kudya, nsapato zimene ankavala, ngati ankaopa njoka. Chaka chomwecho mpingo unachotsa geti lija, ndipo pamalo pake a kutsidya anasankha kuikapo benchi.

Clarrie akuyankhulabe ngati kale. Amene amati anasinthiratu sanakhale naye pa mzere wa ku positi. Koma Lachinayi amapita ku mtsinje, ndipo masiku ano kumakhala anthu ambiri, nsomba n'kumachepa. Chimene chavuta ndi Aub. Anatsimikiza kuti nayenso ayenera kudziwa likhweru la amayi ake, ndipo achemwali ake akumuphunzitsa.

"Pinda lilime. Osati choncho, ukudziluma."

Aub amafufuma masaya, n'kutulutsa malovu okhaokha.

"Zala zako n'zazikulu ngati masoseji," amatero Anti Thelma. "Yesa tating'onoto."

Sabata yatha kunatuluka kamawu kochepa, ngati ka mwanapiye. Galu wa Clarrie, amene anagona pafupi ndi ndowa, anatukula khutu limodzi.

"Mwaona?" anatero Aub. "Wamva."

"Wamva," anavomera Anti Thelma. "Koma sanadzuke. Yambiranso."